Zaka Makumi Awiri za a Wendell

Pa chakudya chamadzulo, patapita masiku atatu chiikireni maliro a Wendell Hollis, akazi awo anayala kalata ya ku koleji pakati pa mbale.

"Werenga iweyo, Renata. Maso anga atopa."

Renata anawerenga pang'onopang'ono. Bambo ake ankatchetcha kapinga pakolejipo, ndipo mwana wa wantchito ankaphunzira ulere. Wantchito akamwalira atakwanitsa zaka makumi awiri pantchito, mwana ankapitiriza ulere mpaka kumaliza. A Wendell anaperewera miyezi isanu. Kalatayo inapepesa maliro m'mizere iwiri, kenaka inatchula fizi ya chaka chomaliza cha maphunziro a Renata a unamwino.

"Alamu anga ndinkawauza," anatero malume ake, a Dwight, akudzigawira nkhuku imene anabweretsa a kumpingo. "Zaulere zimathera panjira. Ine ndinayamba kumata matayala ndevu zisanamere. Anandilipirira ndani?"

"Ndiye ana onse a mu Ohio muno azimata matayala, malume?"

"Nanga msonkho wanga uziphunzitsa ana a eni? Ubwere kugalaja kwanga Lolemba, adokotala. Foni ikusowa woyankha."

"Achimwene, mwanayu wangotsala ndi chaka chimodzi," anatero mayi ake motsitsa mawu.

"Chaka cha madola zikwi makumi atatu, mlongo wanga. Uli nawo?"

Mayiwo anayamba kusonkhanitsa mbale anthu asanakhute.

M'mawa mwake Renata anapita kukoleji kukabweza makiyi a bambo ake. Kuofesi anamulandira bwino, anamupatsa khofi, ndipo anamuuza kuti lamulo ndi lamulo. Atatuluka anaimbira malume ake, nati Lolemba abwera.

Kushedi ya mathirakitala kapitawo anamupatsa katoni ya zinthu za malemu: jekete, kapu ndi magolovesi. Anakaitsegulira m'galimoto. M'golovesi limodzi munali pepala lopindidwa kanayi, lofewa ndi thukuta. Inali kalata ya dokotala wa mtima, ya zaka ziwiri zapitazo, yowauza a Wendell kuti asiye ntchito msanga. Kunyumba sanaitchulepo.

Kuseri kwake a Wendell analemba ndi pensulo mayina a miyezi, nkumadula umodziumodzi. Pambali pa mwezi womaliza, wokwanitsira zaka makumi awiri, panali zilembo zawo zopendekeka zija: "Apa ndingathe kudwala."

Renata anapinda pepalalo motsatira mizere yake yakale, nalibwezera m'golovesi. Panja munthu wina anali atayamba kale kutchetcha.