Nkhuku Yosanjikiza ya Bessie

Bessie anali namwino wa ku Ntcheu amene ntchito inamuponya ku Mzimba Boma, ndipo kumeneko anakwatiwa ndi Tumbikani Jere, mphunzitsi wosalankhulalankhula. Makolo a Tumbikani ankakhala ku Manyamula. Akabwera ku Boma ankangotenga mankhwala kuchipatala n'kubwerera, koma tsiku lina anatumiza uthenga woti Lamlungu adzadyera kwa mwana wawo. Uthengawo unabwera ndi tambala wofiira womangidwa pakaliyala ya njinga.

Bessie anali ataona pafoni chakudya china chimene chinamukhala pamtima: nkhuku yosanjikiza m'mbale yagalasi, yoti anthu azisunsamo buledi onse pamodzi. Mbale yagalasi anali nayo, mphatso ya paukwati imene inali isanagwirepo ntchito. Anaona kuti nthawi yake ndi imeneyi.

M'mawa Tumbikani anapha tambala uja. Bessie anamuwiritsa ndi mchere, adyo ndi anyezi mpaka nyama inayamba kusiyana ndi mafupa. Itazizira anaing'amba ndi zala kukhala timaulusi, n'kuisakaniza ndi mayonezi, chambiko ndi madzi a ndimu. Pansi pa mbale anayala mapeyala ophwanya. Pamwamba pake panabwera nkhuku, kenako kabichi wodula mopyapyala, matimati, nkhuku ina, tchizi chokhula ndi anyezi wamasamba. Mzere uliwonse ankausalaza ndi supuni, n'kuwerama kuti auone pagalasi.

Tumbikani anaima pakhomo la khitchini ngati munthu wofuna kuthandiza. Pambali panali kambale ka chiwindi ndi nthutumba. Analawa chiwindi. Kenako analawa nthutumba, ndipo kulawako kunatha pamodzi ndi nthutumbayo. Bessie anamuona, koma maganizo ake anali pa matimati amene ankafuna kutsetsereka.

Apongozi anafika atatuluka kutchalitchi: a Yoram Jere, mkulu wa mpingo, atavala jekete ngakhale kunja kunkatentha, ndi akazi awo a Kezia. Atalonjerana, Bessie anagwada n'kuika mbale ija patebulo, pambali pake buledi wowamba ndi tchipisi ta chinangwa.

A Jere anaiyang'ana mbaleyo pamwamba, anaiyang'ananso m'mbali, kenako anapemphera. Anathokoza Mulungu chifukwa cha ulendo, chifukwa cha keke yokongolayi, ndiponso chifukwa cha chakudya chimene chikubwera.

"Adada, chakudya chake ndi chimenechi," anatero Bessie atatha amen.

"Yewo, mkamwana. Nanga nkhuku?"

"Ili momwemo."

A Jere anavala magalasi. "Tambala yense uja?"

"Yense, adada."

"Wachepa chomene," anatero a Jere.

Bessie anafuna kubwerera kukhitchini monga mwa ulemu, koma a Kezia anamugwira chitenje. "Khalani pompano. Mukachoka, atiuze ndani kadyedwe kake?"

Choncho Bessie anakhala, n'kuwaonetsa. Anatenga kachidutswa ka buledi, anasunsa mpaka pansi kuti katenge mizere yonse, n'kudya. Aka kanali koyamba kutafuna pamaso pa apongozi ake aamuna, ndipo anatafuna akuyang'ana pansi. A Kezia anatsatira. Anatafuna nthawi yaitali, nkhope ili duu.

"Yazizira," anatero.

"Imadyedwa yozizira, amama."

"Mwadala?"

"Mwadala."

A Kezia anagwedeza mutu n'kusunsanso.

A Jere sanakhudze buledi. Anapempha supuni yaikulu. Kwawo nthutumba ndi ya mwini mbumba, ndipo chikwatirireni sanadyepo nkhuku osayamba ndi nthutumba. Analowetsa supuni mbali ya kum'mawa, anatulutsa, anaunika, n'kudya zomwe zinatulukazo, poti chakudya sichibwezedwa m'mbale. Anakumbanso chapakati. Bessie anangoona mizere yake ikugumuka ngati khoma la zidina nthawi ya dzinja: tchizi chinatsikira kwa mapeyala, matimati anasowa. Mtima unamuwawa, koma anangosuntha buledi kuti ayandikire apongozi.

Atafika pagalasi la pansi mbali zonse, a Jere anaika supuni.

"Mbwenu nkhuku iyi inalibe nthutumba," anatero mofatsa, ngati akulengeza za maliro.

A Kezia anasiya kutafuna. "Nkhuku yanga?"

"Zimachitika."

"Sizichitika. Ndamulera ndekha tambala ameneyu, amadya gaga ndi chiswe. Ankagaya ndi chiyani?" Anatembenukira kwa Bessie. "Mkamwana, munaiona?"

Bessie sankafuna kunama, sankafunanso kupereka mwamuna wake. "Ndinaiona, amama," anatero. "Inali yaikulu bwino."

Anathera pomwepo. A Kezia anayang'ana mkamwana wawo, kenako anayang'ana mwana wawo. Tumbikani anali akuwerenga kalendala yapakhoma mwachidwi chachikulu, ngakhale inali ya chaka chatha.

"Tumbikani," anaitana a Jere.

"Adada."

"Inali yofewa?"

Tumbikani anasiya kuyang'ana kalendala. "Inali yofewa, adada."

A Jere anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango. Kunja kunadutsa njinga ya kabaza ikuliza belu. Bessie anayembekeza ulaliki, ndipo anali atakonzeka kale kunena amen.

"Basi, yadyedwa ndi a Jere ndithu," anatero mkuluyo. "Kungoti a Jere ake ndi olakwika." Anatenga buledi, anasunsa m'zogumukagumuka zija, n'kudya. "Koma chinthuchi chikukoma. Chili ndi dzina?"

Bessie anaganiza za dzina la pafoni lija, n'kuona kuti lingotalikitsa nkhani. "Nkhuku yosanjikiza, adada."

"Inali yosanjikiza," anakonza a Kezia, akupala m'mbali mwa mbale ndi tchipisi.

Anadya mpaka galasi linayera. Ponyamuka, a Kezia anakokera Bessie pambali n'kumuuza kuti amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo ku Manyamula, ali ndi msonkhano mwezi wamawa, ndipo akufuna akawapangire chomwechi, koma m'beseni. Bessie anafunsa ngati kuli firiji. A Kezia anati kulibe, koma kuli mthunzi wabwino chomene.

Bessie anawaperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera anapeza Tumbikani ali pampopi, manja a shati atapinda, akutsuka mbale popanda womutuma.