Wachikhumi Pamaliro a Mcdonald

Lamulo la boma linati pamaliro pazikhala anthu khumi basi. Khumi! Kwathu kuja amenewo ndi adzukulu okumba manda okha, koma ku Perth, ku Australia, mu Epulo wa 2020, mliri utatseka malire onse, khumiwo ndiwo anali maliro athunthu.

Mcdonald anangogwa ali kuntchito ku Kwinana, mtima n'kuima. Getrude anakhala naye zaka zinayi m'kanyumba ka ku Rockingham, akumuchapira maovololo onunkha oyilo. Chinkhoswe chawo chinayenera kukachitikira ku Ntcheu mwezi wa Juni, koma ndege zinaima. Ndiye pamaso pa abale a mwamunayo, Getrude anali chibwenzi chabe. Iye sankalimbirana katundu, ayi. Ankangofuna kuona nkhope ya Mcdonald bokosi lisanatsekedwe.

Mayina khumiwo ankalemba ndi Bambo Chomba, wapampando wa Amalawi a m'deralo, munthu wokonda ulemu kuposa shuga wa mu tiyi. Analemba abusa ndi mayi busa, iwo eni ndi akazi awo, akulu a mpingo anayi, ndi msuweni wina wa ku Balga amene Mcdonald sanamuonepo zaka zitatu. Malo anatsala amodzi.

"Bambo, nanga ine?" anafunsa Getrude pafoni.

"Mayi, musandivutitse. Ndalankhula ndi a Ezra, achimwene ake a malemu ku Lilongwe. Akuti inu sakukudziwani. Ankhoswe sanakumane. Ine ndikulowetseni ngati ndani?"

Getrude anaimbira nambala ya boma ya za mliri. Mzimayi amene anayankha anali wachifundo ndithu, koma chifundo chake chinathera pa kuwerenga pepala. Lamulo likunena khumi, anatero, silikunena kuti khumiwo ndi ati. Pempho lowonjezera munthu liripo, yankho lake limatenga masiku. Maliro anali mawa lake. Olemba lamulowo anawerenga mitu, osaganiza kuti pa mituyo pali wina amene waferedwa zenizeni. Zimapsetsa mtima!

M'mawa Bambo Chomba anaimbanso, mawu ali see, ngati akupereka mphatso.

"Mayi, Mulungu ndi wabwino. Kumudzi akufuna kuonera mwambo pa vidiyo, ndiye pakufunika wogwira foni. Akuluakulufe sitingaime ndi foni ngati ana. Mukavomera, malo achikhumi ndi anu."

Anavomera. Akanatani?

M'kachalichi ka kampani yoika maliro mipando inali patalipatali. Anamupatsa foni ya Bambo Chomba n'kumuimika kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Pagalasi la foniyo panali nkhope ya a Ezra, kumbuyo kwawo azimayi atadzaza khonde. Abusa analalikira, wapampando analankhula, msuweni wa ku Balga analira mokweza mpaka kugwidwa mapewa. Dzina la Getrude silinatchulidwe n'kamodzi komwe.

Itakwana nthawi yoona nkhope, anthu asanu ndi anayi aja anadutsa mmodzimmodzi. Kenako Bambo Chomba anamukodola.

"Bweretsani foni, abale aone."

Anayenda, foni ili patsogolo pa maso ake. Pagalasi anaona Mcdonald wamng'ono ngati chithunzi cha pa chiphaso, atamuveka tayi imene ankadana nayo. Kulira kunangophulika kokha.

"Aaa, kodi wagwira foniyo ndani?" anakalipa a Ezra, mawu akumveka chalichi chonse. "Ikugwedezeka! Sitikuona kanthu kuno. Auzeni mayiwo asiye phokoso, eni maliro tione m'bale wathu."

"Gwirani ndi manja awiri," ananong'ona Bambo Chomba.

Getrude analuma mlomo, nagwira ndi manja awiri. Azakhali anaona, amalume anaona, anaitananso agogo ena amene ankachedwa ndi ndodo yawo. Aliyense ankati sendezani pang'ono, kwezani, tsitsani. Iye ankasendeza, akudziuza kuti akatha onsewa atsitsa foniyo amuone ndi maso ake.

"Basi, taona," anatero a Ezra potsiriza.

Wantchito wa kampaniyo, amene anali atayang'ana wotchi kawiri chifukwa panja pankadikira maliro ena, anamva kuti abale atha kuona nkhope. Getrude akutsitsa foni, chivundikiro chinali chitatsika kale.

"Dikirani!" anakuwa. "Ine sindinamuone!"

Bambo Chomba anamulanda foni m'manja, n'kuipukuta ndi sanitaiza.

"Simunamuone bwanji, mayi? Si inu munaima pafupi kuposa tonsefe?"