Mkanda wa M'chifuwa cha a Chete

"Yezaninso."

"Ndayeza katatu, adokotala. Mamilimita eyiti."

"Pabokosi analemba angati?"

"Sikisi."

Dokotala anakoka mpando n'kuyandikira kompyuta. Womuyankhayo anali woyendetsa makina a sikani ojambula m'kati mwa thupi, ndipo wodwala amene ankakambiranayo sanali munthu. Chinali chifuwa chapulasitiki, chopanda mutu ndi manja, chimene aliyense ankachitcha a Chete. M'mapapo mwake munali mikanda isanu yodziwika kukula kwake, ndipo umodzi mwa iyo ndi umene ankauyezawo. Lolemba lililonse ankawagoneka a Chete pabedi n'kuwajambula. Mikanda ikatuluka monga inalembedwera, ndiye kuti makina akunena zoona.

Tsikuli silinali Lolemba. Dokotala anachita kupempha kuti awajambule a Chete, chifukwa panja pabenchi panali bambo ake omubereka. Miyezi itatu yapitayo anawapeza ndi kachotupa m'phapo lakumanja, ka mamilimita sikisi. M'mawawu kanali eyiti. Kakakula chonchi, munthu amapita ku opaleshoni. Koma ngati makina ndiwo ankawonjezera, bambowo akanabwerera kunyumba kukadyetsa nkhunda zawo.

"Ndiye sangalalanitu," anatero wamakina. "Makinawa akalamba. Ayamba kukokomeza nkhani ngati amalume anga aja."

Mtima wa dokotala unayamba kukhala m'malo, koma dzanja linali ndi chizolowezi chake. Anagwira mausi n'kuyeza mikanda inayi yotsalayo, m'mphepete kufika m'mphepete, m'litali kenako m'lifupi. Wa folo unali folo. Wa teni unali teni. Yonse ndendende, kupatula umodziwo. Makina osokonekera akanawonjezera ponseponse.

Anatsegula zithunzi za bambo ake n'kuziika pambali pa za a Chete. Phapo lakumanja, chakumtunda, kuseri kwa nthiti yachitatu. Malo amodzimodzi. Kachotupa ka bambo ake kanali ndi kamchira kolozera pakati pa chifuwa. Mkandawo nawonso unali nako.

"Mwasokoneza mafayilo."

"Onani nokha, adokotala. Awa mtima alibe. Wa bambo anu ndi uwo, ukuonekawo."

"Atseguleni."

"A Chete? Chibwerereni sitinawatsegulepo."

"Lero ayambe."

Wamakina anapita kuseri kwa galasi, dokotala ali pambuyo. Chipinda cha makinacho chinkazizira ngati m'firiji, monga mwa masiku onse. Masikulu omangira chivundikiro cha chifuwacho anali asanu ndi limodzi, ndipo lomaliza linavuta. Chivundikiro chitachoka, nthabwala zinamuthera wamakina uja. Anapisa zala m'siponji yotuwa, n'kutulutsa mkandawo, n'kuupana ndi kachitsulo koyezera. Anayang'ana manambala nthawi yaitali.

"Nenani."

"Naini."

"Pakompyuta paja tapeza eyiti."

"Paja panali pakale, adokotala. Papita mphindi makumi awiri."

Anauika m'dzanja la dokotala n'kupukuta zala pa yunifolomu. Mikanda ina ija, dokotala ataikhudza, inali yozizira ngati ndalama zachitsulo. Uwu unali wofunda. Anafumbata dzanja, kenako anafumbatula msanga.

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Bambo ake anasuzumira, atavalabe gauni yachipatala yomanga kumsana, nsapato zili zosamanga zingwe. Anayang'ana chifuwa chotsegulacho pabedi pomwe iwo anagona m'mawa, kenako nkhope ya wamakina, kenako dzanja la mwana wawo.

"Pepani anthu a ntchito, ndalowerera. Nesi akuti ndisalawe kanthu mpaka iweyo unene." Anatsokomola kamodzi. "Mwana wanga, anding'amba kapena sanding'amba?"