Tsiku Limene Ustaz Labib Anatisiya Chiimire

Sekondale yathu ili mumzinda wa Tanta, mumsewu wa osula mkuwa. Kale inali nyumba ya mkulu wina wogula thonje. Iye atamwalira, boma linagumula makoma a zipinda zogona n'kuikamo madesiki. Dzina la sukuluyi lakhala likusintha potsata amene ali pampando, koma ife timangoti "ya kwa osula." Yaphunzitsa ana a ogulitsa nyemba ndi a oyendetsa sitima, ndipo mwa iwo mwatuluka oweruza, madokotala, ndi akuba angapo amene sindiwatchula. Ine ndinaphunzira pomwepo, n'kudzaphunzitsapo Chiarabu mpaka kupuma ntchito.

Mwambo umodzi sunasinthepo. Mphunzitsi akalowa, aliyense amaimirira, ndipo palibe wokhala pansi kapena woyamba nkhani kufikira mphunzitsiyo atanena kuti, "Khalani."

Chaka chatha tinamva kuti sukuluyo itsekedwa, ana agawidwe kusukulu zakutali, pamalopo paziimikidwa galimoto. Chomwe chinatsala n'chakuti makolo awerengeredwe chigamulocho n'kuvomereza. Wodzawerenga anali Medhat Sallam, bwana wa zamaphunziro amene anthu amamutchula mwaulemu kuti Bey, amenenso anaphunzira pasukulupo.

Tinasonkhana m'holo masana, makolo ndi ophunzira akale. Medhat anakhala kutsogolo atapingasa miyendo, kunsi kwa nsapato kutaloza anthu aimvi. Ndinamuyang'anitsitsa, koma sanatsitse mwendo.

"A Medhat Bey," anatero Sobhi, wogulitsa nyama, amene timamutcha Hagg chichitireni ulendo wa Asilamu wa kumalo oyera, "galimoto zimenezo zizidzalembanso mayeso?"

"A Hagg, inu munalephera kawiri muno. Mukulirira chiyani?"

"N'chifukwa chake ndimaidziwa sukuluyi kuposa inu."

Anthu akuseka, chitseko chinatseguka. Analowa Ustaz Labib Girgis, amene anatiphunzitsa masamu ine, Sobhi ndi Medhat yemwe. Ustaz ndi mmene timatchulira mphunzitsi mwaulemu. Zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi anayi. Anali atavala jekete ndi tayi, ndodo ili m'manja. Holo yonse inadzuka. Medhat nayenso miyendo inamuimiritsa mutu usanaganize.

Ustaz Labib anayenda mpaka kutsogolo, natembenuka, natiyang'ana. Mawu aja akuti "Khalani" sanawanene.

Medhat anatsokomola n'kutambasula pepala lake. "Mogwirizana ndi chigamulo cha..."

"Sallam. Wakuloleza kulankhula ndani?"

"Ustaz, ndabwera pa ntchito ya boma."

"Inenso ndinali pa ntchito ya boma pamene ndinkakuphunzitsa kugawa. Manga batani la jekete."

Analimanga. Ndikuchitira umboni, chifukwa ndinali pafupi.

Mphunzitsi wamkulu wa tsopano anathamanga ndi mpando. "Khalani apa, bambo athu, miyendo ingapweteke."

"Chotsa. Akagumula nyumbayi tidzakhala pati? Tiyambiretu kuzolowera kuima."

Tinaima. Kunja osula ankamenya mkuwa monga amachitira chiyambire sukuluyi, ndipo m'holo munalibe phokoso lina. Maondo anga anayamba kudandaula, koma munthu wophunzitsidwa bwino satsamira khoma pamaso pa mphunzitsi wake. Kumzikiti atayitanira pemphero, Ustaz Labib, amene ndi Mkhristu, anati, "Ofuna kukapemphera pitani. Mukabwera mudzaime pamalo panu."

"Nthawi ikadalipo, Ustaz," anayankha Sobhi. "Medhat Bey akatopa tipitira limodzi."

Medhat akanatha kukhala n'kuwerenga. Panalibe womugwira dzanja. Koma akanakhala yekha pakati pa anthu oima, pamaso pa amalume ake ndi anzake a m'kalasi, mumzinda umene amayi ake amagulamo buledi m'mawa uliwonse. Anayang'ana mpando wake, nayang'ana ndodo ya Ustaz Labib. Ndodoyo inali itayamba kunjenjemera, ndipo thukuta linkatsikira m'kolala ya nkhalambayo.

"Ustaz, mugwa," anatero Medhat motsitsa mawu.

"Ndikagwa, undidzutse undiimikenso."

"Chigamulochi si changa. Ndangotumidwa."

"Wotumidwa ali ndi miyendo yobwererera."

Medhat anapinda pepala lija pang'onopang'ono n'kuliika m'thumba. "Ndikanena kuti makolo akana."

"Ukanene zoona. Ukanene kuti sunapatsidwe mwayi wolankhula, ndipo makolo anakana ali chiimire."

"Ndikatero, Ustaz."

Nkhalambayo inatiyang'ananso mzere ndi mzere, ngati ikufuna wina amene watsamira. Kenako inati, "Khalani." Mipando inalira pamodzi. Medhat ndiye anatenga mpando uja umene unakanidwa n'kuwaikira Ustaz Labib, ndipo anadikira kuti akhale kaye.

Sukulu inatsegulira chaka chino monga mwa nthawi zonse, denga la labotale likudonthabe. Sindinamiza munthu kuti nkhani inatha. Tamva kuti adzatumiza bwana wina, wochokera kutali, amene sanapondepo pabwalo lathu ndipo sadziwa mwambo wathu. Ndinakawauza Ustaz Labib zimenezi kunyumba kwawo. Ndinaima pakhomo mpaka atandiloleza kukhala. Anamvetsera, namwa tiyi wawo, n'kufunsa ngati jekete lawo labwerako kochapitsa.

"Wosadziwa ndiye amene sukulu inamangidwira," anatero. "Abwere."