Nambala 3 ya Mayi Palmira

Kalata yochotsa ntchito Mayi Palmira inali kale pa tebulo la Shefe Osório, ikungodikira kusainidwa. Mayiwo anali panja pa benchi kuyambira m'mawa. Ntchito yawo m'bungwe lathu inali kuyenda pa njinga m'midzi ya ku Majaua, kufupi ndi malire a Malawi, kulimbikitsa amayi oyembekezera kukachirira kuchipatala. Chowachotsa chinali mzere umodzi mu lipoti la kafukufuku: "Kwa Palmira amayi amachirira pakhomo kuwirikiza katatu kuposa kwina." Wolemba mzerewo ndine, Dulce, amene amanditama kuti manambala ndimadya ngati mtedza.

Shefe atandituma kukasindikiza tsamba la manambala, ndinaliyang'ananso. Amayi athu ali ndi njira zitatu: pakhomo, chipatala chakuno, kapena kuwoloka mtsinje wa Ruo kukachirira ku Malawi. Njira zikakhala zitatu, kompyuta imatenga imodzi kukhala muyeso, zinazo n'kumaziyerekeza ndi iyo. Ukapanda kuiuza, imangotola ya anthu ambiri. Ine ndinkangoti yatola chipatala chakuno. Koma pansi pa tsambalo panali timalemba tating'ono: muyeso ndi Malawi.

Ndinaganizadi zongokhala chete, sindibisa.

Nditalowa, Shefe anali atagwira kale cholembera.

"Shefe, dikirani kaye. Nambala ija sikunena zimene ndinalemba."

"Dona Dulce, 3 ndi 3. Kapena wasanduka 2 mu printa?"

"Ndi 3 yemweyo, koma akuyerekeza ochirira pakhomo ndi owoloka. Osati ndi amayi onse."

Anandiyang'ana osaphethira. Ndinatembenuza pepala n'kuyamba kulemba kumbuyo.

"M'midzi ina, pa amayi 100, owoloka ndi 60, achipatala chakuno 20, apakhomo 20. Wapakhomo mmodzi, owoloka atatu. Kwa Mayi Palmira owoloka ndi 15, apakhomo 15. Mmodzi kwa mmodzi. Ndiye katatu kaja."

"Nanga 70 otsalawo?"

"Ali kuchipatala chakuno, Shefe. Apakhomo sanachuluke, ndi ochepa kuposa kwina. Amene achepa kwambiri ndi owoloka."

Panja panadutsa galimoto ya nandolo yopita kumalire, mawindo n'kunjenjemera.

"Lipotili lapita kale kulikulu ku Quelimane," anatero Shefe motsitsa mawu. "Ine ndinaliwerenga pamaso pa anthu onse Lolemba, mayiwa ali pomwepo. Ndani analemba mzere umenewu?"

Ankadziwa. Ankangofuna kuti zituluke pakamwa panga.

"Ndine, Shefe."

Anaika cholembera pansi, napinda kalata ija pawiri n'kundipatsa.

"Ku Quelimane mulembereko nokha, dzina lanu pansi. Koma muyambe ndi amene ali panjawo."

Ndinawapeza Mayi Palmira atakhala pa benchi paja, manja pamiyendo. Njinga ya bungwe inali yotsamira pakhoma, yotsukidwa mpaka masipoko, pampu ndi kiyi zitamangiriridwa bwinobwino pa kaliyala. Anandiona ndili ndi pepala, nayimirira, natambasula manja onse awiri kuti alandire.

"Mayi, kalatayi si yanu. Ndinalakwitsa ndine. Inu mwagwira ntchito kuposa aliyense."

Sanakwiye, sanamwetulire. Manyazi anandigwira.

"Mwanawe," anatero, "dzulo ndatsanzika midzi isanu ndi umodzi. Ndawauza kuti makina andipeza wolakwa."