Galu Womva Chisena

Galu amene Priska anamutola kwa Tengani anabwera ndi anthu othawa nkhondo ochokera ku Mozambiki. Atsibweni a Priska, a Kaitano, anali atanena kale kuti akadzayandikiranso nsomba zoyanika pathandala, adzamupha.

Masana amenewo galuyo anayandikiradi.

"Choka!" anakalipa a Kaitano, akutola chibonga. Galuyo anangogwedeza mchira.

"Taimani, atsibweni," anatero Priska osadzuka pamkeka. Ankamuphunzitsa yekha kuseri kwa khola, ndipo ankadziwa pamene panagona vuto. Analankhula motsitsa, m'Chisena: "Ndoko."

Galuyo anatembenuka n'kukagona pansi pa mtengo wa masau.

A Kaitano anamuyang'anitsitsa Priska.

"Ndiye ndizichita kulankhula Chisena ndi galu pakhomo panga pomwe?"

"Liwu limodzi lokhalo, atsibweni."

A Kaitano anaponya chibongacho pamulu wa nkhuni.