Khoswe wa pa Ulimbo

Kunali kutangocha, ndipo mphepo youma yochokera kuchipululu inali itakuta tauni yonse ya Tsévié ndi fumbi lotuwa. Senyo anali kuseri kwa nyumba, kumene ankaweta makoswe oyera odyetsera nsato zake. Nsato zakezo sankazipatsa khoswe wamoyo. Ankayamba wamuphimba kumaso, n'kumuthyola khosi kamodzi kokha, kanyamako kasanadziwe n'komwe.

Posakhalitsa anatulukira Mayi Ablavi, eni nyumbayo, amenenso anali ndi sitolo kumaso kwake, atanyamula katoni yopaka ulimbo. Pakati pake panali patamatirira khoswe wakuda, mwendo uli wothyoka, akulira.

"Iwe Senyo! Mbava iyi yandibowolera matumba a gari, ufa wanga wachinangwa wogulitsa uja. Iponyere chinjoka chakocho ili moyo, ndiione ikufinyidwa."

"Mayi, khoswe wam'nyumba sindidyetsa njoka. Mwina anadya mankhwala."

"Mankhwala ndiwe! Fungo la tiana takoti ndalipirira mokwanira. Ogula akundithawa, ati ndikusunga mfiti. Lero ndakupempha kanthu kamodzi, ukuyamba ukadaulo?"

"Akumva kuwawa, mayi."

"Amve! Ukakana, mwezi ukamatha ndisakuonenso pano. Ukagone kumsika ndi abale akowo."

Senyo asanapeze malo amenewa anali atagogoda makomo ambiri, ndipo aliyense akangomva za njoka ankamutsekera chitseko. Bokosi la nsato yaikulu linali pomwepo, chivundikiro chake chongofuna kukankha ndi chala. Khoswe uja anali atatopa n'kulira. Tinthiti tokha n'timene tinkagunda pansi pa ubweya wonyowa.

Analandira katoniyo. Mayi Ablavi anasendera pafupi ndi bokosi, manja ali m'chiuno, mano onse pamtunda.

Senyo anagwada, n'kuyika katoniyo pansi. Anamuphimba khoswe kumaso, anamupana kuseri kwa makutu, n'kukoka kamodzi. Nthiti zija zinaima.

"Galu iwe," anatero mayiwo, mawu ali pansipansi. "Pakhomo panga pomwe?"

"Wafa, mayi. Gari wanu sadzamukhudzanso."

"Ndimafuna kumuona!"

Analavula malovu pafupi ndi phazi lake.

"Uyambe kumanga katundu. Ndipo zingwe zanga usakhudze."

Anapita akukokera nkhwaira, chitseko cha sitolo n'kumenyetsa.

Senyo anakwirira khosweyo m'mbali mwa mpanda. Ulimbo unakana kuchoka m'manja mwake ndi sopo, mpaka anachita kupaka zala mafuta ofiira a kanjedza. Atapukuta m'manja anatenga ndowa, n'kuyamba kuthirira makoswe ake madzi, khola ndi khola.